Mbale ya Pebre

Masitepe ochokera kudoko la Valparaíso kufika pakhomo pathu
alipo zana limodzi ndi makumi anayi kudza awiri.
Sindinkadziwa.
Ndawawerenga lero poti palibe wondikokera kumtunda,
palibe woima patsogolo, lilime panja, n'kucheuka
ngati akufunsa kuti, Amalia, miyendo waiiwala kumsika kodi?

Pebre, iwe wa khutu limodzi logwa,
tinakutola usiku wa chivomezi,
makapu akuvina okha m'kabati,
tonse titathawira mumsewu ndi zovala zogonera.
Unali kunsi kwa galimoto ya a Eleuterio,
ukunjenjemera kuposa nthakayo.
Baltasar anati, "Usiku umodzi wokha, mawa azipita."
Usikuwo watha zaka khumi ndi zitatu.

Unadya nsapato yanga yaukwati, yakumanzere.
Unaba nsomba yonse pa tsiku lobatiza Maite,
minga n'kukaibisa m'bedi mwathu.
Sitima ikalira padoko unkayankha,
mawu ako oipa ngati chitseko chadzimbiri,
anansi n'kumamenya khoma.
Lero sitima yalira kawiri.
Khoma lili zii.

Dokotala wa ziweto, mtsikana wa magalasi obiriwira,
anati impso zatopa.
Ananena motsitsa mawu, ngati akupepesa m'malo mwa impsozo.
Maite anaimba foni ali ku Antofagasta,
anati, "Amayi, muiike pakhutu pake."
Ndinatukula khutu logwa lija, n'kuiika.
Zimene anakuuza sindinamve, sindidzafunsanso,
koma mchira unagunda tebulo kamodzi.

Ndinagwira phazi lako la chikhadabo chothyoka.
Jakisoni analowa.
Unatulutsa mpweya wautali
monga unkachitira ukazungulira katatu pachiguduli chako
usanagone.
Basi.
Panja wogulitsa gasi ankagogoda zitini zake ndi kachitsulo,
ngo ngo ngo, kutsika phiri,
mzinda osaima ngakhale pang'ono.

Tinakuika pansi pa mtengo wa mandimu kuseri.
Phiri lino ndi miyala yokhayokha.
Mpini wa fosholo unathyoka,
Baltasar n'kuyamba kuitukwana fosholoyo,
nthawi yaitali,
ndi mawu amene sindinawamvepo pakamwa pake.
Ndinamuleka.
Ndinkadziwa kuti fosholo inalibe mlandu.
Anamaliza dzenjelo ndi manja.

Mayi Hortensia a pawindo loyang'anana nafe akuti,
"Agalu ali mbwee m'misewu muno, tolani wina."
Sakunama.
Ali pasiteji ya basi, ali pakhomo la tchalitchi,
ena agona padzuwa pafupi ndi ogulitsa nkhanu.
Dzulo wina wofiirira anandilondola mpaka pakati pa masitepe,
ndinamuuza kuti pepa, bwerera,
m'nyumba mwathu mudakali mwini wake.

Ubweya wako udakali pajuzi yanga yakuda.
Ndinatenga burashi, n'kuibwezanso m'dirowa.
Mbale yako ndaitsuka, ndaipukuta,
koma poiika ndasowa.
Pamwamba pa kabati ndi patali kwambiri,
pansi pomwe inkakhala ndimaipunthwa.
Baltasar amaithira madzi m'mawa uliwonse
akamaganiza kuti sindikuona,
ati n'chifukwa cha mbalame.
M'khitchini mulibe mbalame.

Nkhungu yakwera kuchokera kunyanja madzulo ano,
yameza madenga a malata, wofiira, wachikasu, wabuluu,
yafika pamandimu.
Ndatuluka ndi bulangete lako lakale,
ndaima nalo pamenepo ngati chitsiru,
poti unkadana ndi kuzizira.

Pachakudya tinali awiri.
Wailesi inkanena za mpira.
Ndinanyema kansonga ka buledi, kouma kaja unkakakonda,
dzanja n'kutsika lokha kunsi kwa tebulo.
Linakhala komweko, lotambasula,
kudikira mphuno yozizira.
Baltasar anaona.
Sananene kanthu.
Anangokweza wailesi pang'ono.